Kodi Wophunzira Angacotse Mwana kwa Amace?

Abale, ana athu ena pano pa Perth akuphunzira ku Edith Cowan University za kakulidwe ka mwana ndi kathandizidwe ka mabanja. Akatsiriza, ena adzagwira nchito ya Boma, ndipo mau ao adzathandiza bwalo kuweruza ngati mwana akhale ndi amace kapena acotsedwe. Mphamvu yotere ndi yoopsa ndithu.

Edith Cowan mwini wace anathandiza kuyambitsa Children's Protection Society m'caka ca 1906. Koma m'dziko lomweli lamulo la 1905 linali litapereka kale ana a Aborigine m'manja mwa Chief Protector. A. O. Neville anagwira udindowo kuyambira 1915 kufikira 1936, ndipo ana ambiri analandidwa kwa amao natumizidwa ku Moore River. Ocita izi sanali mbuli iai; anali odziwa kulemba, nakhulupirira kuti akucita zabwino. Kevin Rudd anapepesa mitunduyi pa 13 February 2008.

Sindinena kuti mwana asacotsedwe konse. Ziripo nyumba zimene mwana amenyedwa nagona ndi njala, ndipo kumleka momwemo ndi chimo. Koma kwathu amene amcotsa ndi malume kapena agogo, ndipo mwanayo sataya mtundu wace. Kuno atate ali ku mgodi ku Pilbara masabata awiri, amai ali ku nchito ya usiku, mwana agona kwa mai wa mumpingo. Ife titi akuleredwa. Mlendo wonyamula pepala angalembe kuti watayidwa, ngati sanayambe wafunsa kuti maiyo ndani.