Musawasiyire wogulitsa magalasi maso a makolo anu

Ana anga, inu a m'maofesi a ku Capital Hill ndi ku City Centre, ndimakuyamikani kuti mayi akangodandaula mutu mumathamanga nawo kukayezetsa BP ndi shuga. Koma maso mumawasiyira wogulitsa magalasi pa msika wa ku Old Town. Gogo ayesa awa, ayesa awo, awerenga kanyuzipepala kamene wogulitsayo wawagwirira, mulipira, basi nkhani yatha. Magalasiwo alibe mlandu, Baibulo amawerengetsadi. Koma pali nthenda imene sangaitulukire, dzina lake glaucoma.

M'kati mwa diso mumapangika madzi usana ndi usiku, osati misozi ayi, ndipo amatulukira m'tinjira tating'onoting'ono. Tinjirato tikayamba kutsekeka, madzi aja amapanikiza mtsempha umene umatumiza ku ubongo zimene diso laona. Mtsemphawo umafa pang'onopang'ono kwa zaka, osamva kupweteka, diso lili loyera bwinobwino. Kuona kumayambira kutha m'mbali, kutsogolo kukuonekabe. Mudzaona bambo anu akugunditsa phewa pachitseko cha nyumba yawo yomwe, akugubuduza kapu ya tiyi imene mwawaikira pambali, akudzidzimuka wakabaza atawadutsa pa mlatho wa Lilongwe. Inu nkumati, "Ndi ukalamba umenewo."

Musaisokoneze ndi ng'ala. Ng'ala madokotala a ku Nkhoma amaichotsa, gogo nkubwerera kumudzi akutha kulowetsa ulusi pasingano. Zimene glaucoma yadya sizibwereranso. Mankhwala amangoteteza zotsalazo.

Ku Hlabisa, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, Alan Rotchford ndi Gordon Johnson anayeza Azulu 1,005 a zaka 40 kupita m'tsogolo. Zotsatira zake zinatuluka mu 2002: anthu oposa 4 pa 100 alionse anali ndi nthendayi, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Ife anthu akuda imatigwira kawirikawiri ndiponso msanga kuposa azungu. Imayendanso m'magazi: ikapezeka mwa mayi kapena bambo anu, inu, azichimwene ndi azichemwali anu nonse muli pamzere. Mpanda wautali wa ku Area 10 kapena ku Area 43 suiletsa kulowa.

Tsono mverani. Mukakwanitsa zaka 40, kapena zisanakwane ngati m'banja mwanu wina anachita khungu losadziwika chiyambi chake, pitani ku chipatala cha maso cha Lions pa Kamuzu Central. Mukawapemphe kuti ayeze mphamvu ya madzi a m'diso, imene mwa anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21. Koma musakhutire ndi nambalayo, chifukwa alipo ena nambala ili bwino koma mtsempha ukutha. Aunikenso mtsemphawo kumbuyo kwa diso, ayezenso mmene mukuonera m'mbali. Kuwerenga zilembo zapakhoma zija kokha sikukwanira.

Pamene ambiri amagwera ndi apa. Adokotala apereka mankhwala odontheza monga timolol, munthu adontheza mwezi umodzi, aona kuti palibe chasintha, nkusiya. Chabwino chake n'chomwecho, kuti pasasinthe kanthu! Mankhwalawa ndi a tsiku lililonse, moyo wonse, pokhapokha adokotala atanena zina. Botolo lisanathe, lina likhale litafika kale; imeneyo ndi ntchito yanu, inu olandira malipiro pakutha pa mwezi. Akanena za opaleshoni, musathawitsire makolo kumudzi kuti akawafinyire madzi a masamba m'maso. Ndipo lekani kugula mwachisawawa mankhwala a maso ofiira ku famase; ena, monga dexamethasone, amakweza mphamvu ya madzi ija mukawagwiritsa ntchito nthawi yaitali.

Mwezi uno usanathe, tengani bambo ndi mayi mupite nawo ku Central, ndipo akamaliza kuyezedwa iwo, nanunso mukhale pampando womwewo.