Mayi wosaona ndi munthu wopanda dzina

Mlamu wanga amakonza mafoni ndi malaputopu m'kashopu kena mu Pretoria Street, ku Hillbrow. Kashopuko n'kopapatiza moti makasitomala awiri akalowa, wachitatu amadikira panja. Kuseri kwa kauntala kuli laputopu yakale imene mwiniwake anaisiya kuti ikonzedwe koma sanabwerenso. Pa laputopu imeneyi m'pamene ine ndi alamu takhala tikukangana pafupifupi chaka chathunthu, pa nkhani yooneka ngati yachibwana: pa magemu awiri akale a pa kompyuta, Ultima IV ndi Planescape: Torment, yabwino koposa ndi iti?

Onse awiri ndi a mtundu wotchedwa RPG, magemu amene wosewera amasanduka munthu wa m'nkhaniyo, n'kumayenda, kulankhula ndi anthu komanso kusankha yekha chochita. Alamu amaikira kumbuyo Ultima IV, imene Richard Garriott anatulutsa mu 1985. M'magemu ake atatu oyamba munali mdani wamkulu woti ukamugonjetsa wapambana. Mu yachinayiyi mulibe. Ntchito ya wosewera ndi kukhala munthu wamakhalidwe, ndipo makhalidwewo alipo 8: kuona mtima, chifundo, kulimba mtima, chilungamo, kudzipereka, ulemu, uzimu ndi kudzichepetsa. Gemuyo imawerengera mobisa zonse zimene ukuchita. Ukapatsa wopemphapempha ndalama kapena kupereka magazi kwa ochiritsa, umakwera. Ukatenga golide wa eni, umatsika. Mulinso amayi osaona ogulitsa zitsamba za matsenga. Amakuuza mtengo, ndipo iwe umalemba wekha ndalama imene wawapatsa. Ukhoza kuwaikira kakobiri kamodzi m'manja n'kunyamula katundu yense, iwo osadziwa kanthu. Koma gemu imadziwa.

Ine ndimakonda Planescape: Torment, ya kampani ya Black Isle Studios, yomwe inatuluka mu 1999 ndipo mlembi wake wamkulu anali Chris Avellone. Imayamba ndi munthu wodzuka patebulo la m'nyumba yachisoni, thupi lonse zipsera, osadziwa dzina lake. Munthuyu safa. Wafapo kambirimbiri n'kudzukanso, ndipo m'mbuyomo ankati akadzuka amaiwala zonse. Akamayenda mumzinda wa Sigil amakumana ndi anthu amene iye sawakumbukira koma iwo akumukumbukira bwino: ena anawanamiza, ena anawawononga. Pali mzimu wa mkazi wotchedwa Deionarra, amene anamukonda, iye n'kumugwiritsa ntchito mpaka kumufetsa. Choopsa kwambiri amadzachidziwa mochedwa: nthawi iliyonse imene iye wapulumuka imfa, munthu wina kwinakwake amafa m'malo mwake. Gemu yonse imazungulira pa funso limodzi, lakuti kaya pali chimene chingasinthe chibadwa cha munthu.

Ntchito yanga ndi yomasulira mawu, choncho n'zosadabwitsa kuti gemu imene mbali yake yaikulu ndi kuwerenga inanditenga mtima. Koma ndinalinso ndi mfundo, ndipo ndinkaiona kuti ndi yolimba. Ndinkawauza alamu kuti ubwino wa mu Ultima IV ndi wa m'kaundula. Umawalipira bwino amayi osaona aja chifukwa ukudziwa kuti kompyuta ikulemba, ndiponso kuti popanda mapointi sungamalize gemu. Ndiye kuti amayiwo si osaona kwenikweni, pali diso lina likuwaonera. Plato, m'buku lake la Republic, anasimba za mphete ya Gyges, yomwe woivala sankaoneka, pofuna kufunsa ngati munthu angachitebe chilungamo atatsimikiza kuti palibe akumuona. Ultima IV, ndinkatero ine, imalizemba funso limeneli.

Ndipo kuno ku Hillbrow funsoli si la m'mabuku ayi. Kuderali, kumene kale malamulo a tsankho anakupatulira azungu, lero kuli anthu ochokera m'mayiko ambiri a mu Africa, odzazana m'mafulati ogawidwa ndi makatani. Munthu ukhoza kutsika basi pa Park Station, kukwera kamtunda kudzafika kuno, n'kudzipatsa dzina lina. Palibe nyakwawa, palibe ankhoswe, palibe wodziwa kuti ndiwe mwana wa uje. Agogo athu anali nalo kale liwu la anthu otere. Amuna amene anapita ku migodi ya ku Joni m'masiku a Wenela osabwereranso, osatumiza ngakhale kalata, ankatchedwa matchona. Chigawo cha amphawi cha mumzinda wa Sigil chimatchedwa Hive, kutanthauza mng'oma wa njuchi, ndipo ndikayang'ana pawindo langa n'kuona nyumba yobulungira ya Ponte ndi mawindo ake osawerengeka, dzinalo limandibwerera. Kwa ine Torment inali kunena zoona za moyo wa mtchona: ukhoza kuiwala, koma mlandu suwola.

Alamu si munthu wa mabuku. Kwa miyezi yambiri ankangoyankha kuti gemu yangayo ndi ya anthu okonda kulankhula. Tsiku lina magetsi atazima, tili chikhalire mumdima wa m'shopumo, anayankha mwa mtundu wina.

"Alamu, inu gemu yanuyo mumaikonda chifukwa imakulolani kumva chisoni mokoma," anatero. "Mumawerenga, mumapukusa mutu, kenako mumatseka laputopu. Yangayi sifunsa kuti mukumva bwanji mumtima. Imangofunsa kuti mayi uja mwamupatsa zingati."

Ndinaseka. Iwo sanaseke. Anangowonjezera kuti, "Nanga mbuzi za azakhali zija?"

Pamene ndinkabwera kuno kudzachita maphunziro a digiri yachiwiri, azakhali anga a ku Balaka anagulitsa mbuzi zawo zitatu kuti ndipeze ndalama ya basi ndi yoyambira moyo. Ndinalonjeza kuti ndikangoyamba kulandira ndidzabweza. Papita zaka zisanu ndi zinayi. Sanandifunsepo ngakhale kamodzi. Sadziwa kuti ndimalandira zingati, sadziwa mtengo wa lendi, ndipo ndikanena pa foni kuti kuno zinthu zavuta amandikhulupirira. Ngongoleyo sindinaiiwale. Ndinkaikumbukira kawirikawiri, ndinkamva nayo chisoni, ndipo chisonicho ndinkachiyesa umboni wakuti ndine munthu wabwino. Alamu anali atandionetsa kuti mayi wosaona ndili naye, ndipo ndakhala ndikumulipira ndi mawu.

Usiku umenewo ndinaiganiziranso mfundo yanga ija. N'zoona kuti wolipira bwino chifukwa cha mapointi sanafike pokhala wolungama. Koma kodi ulipo amene anayamba ndi mtima wolungama, zochita n'kubwera pambuyo? Aristotle ankaphunzitsa kuti munthu amakhala mmisiri pomanga nyumba, ndipo amakhala wolungama pochita zolungama mobwerezabwereza. Kwathu timadziwanso zimenezi. Mwana amaphunzitsidwa kulandira chinthu ndi manja awiri asanadziwe n'komwe tanthauzo la ulemu. Poyamba amatero chifukwa amayi ake akumuyang'ana, ndipo patapita zaka amatero ngakhale ali yekha. Diso la kompyuta mu Ultima IV lili ngati diso la amayi lija. Wosewera amagula zitsamba kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse chala chake chimalemba mtengo wonse, mpaka kuba kumayamba kumuchititsa manyazi.

Ndinazindikiranso kuti ngakhale gemu yanga yomwe sindinaimvetse bwino. Munthu wopanda dzina uja sathera pa kumva chisoni. Kumapeto kwake amalandiranso imfa yake, n'kupita kunkhondo yosatha ya ziwanda kukalipira zimene anachita, kuphatikizapo zimene anachita asanaiwale. Ine ndinkakonda pakati pa nkhaniyo, pamene pali mawu okoma ndi kudzimvera chisoni, koma mapeto ake ndinkawadutsa mothamanga.

Kodi ndiye yabwino koposa ndi iti? Ndikunenabe kuti Torment inalembedwa bwino kwambiri, ndipo itapezeka ntchito yoimasulira m'Chichewa ndingaigwire mokondwa. Imamudziwa munthu mozama kuposa Ultima IV, yomwe anthu ake amayankha ndi timawu tiwiri titatu. Koma zambiri zimene Torment imachita, buku labwino lingathenso kuchita. Chimene gemu ili nacho chokha, chimene buku lilibe, n'chakuti imadikira dzanja lako. Nkhani siyenda mpaka utasankha. Pa chinthu chimenechi, kagemu ka 1985 ka zithunzi zosaoneka bwino kaja kanapambana, ndipo ndinawauza alamu kuti awina. Sanasangalale monga ndinkayembekezera. Anangoti iwonso ali ndi laputopu ya mwini imene sanayesepo mokwanira kumufunafuna, ndipo anayamba kusanthula m'buku la malisiti.

Pali chimodzi chokha chimene Ultima IV inandinamiza. Mayi wa m'gemu amakuuza mtengo. Azakhali sananene mtengo, ndipo sindidziwa kuti mbuzi zitatu zimabwezedwa bwanji patapita zaka zisanu ndi zinayi. Zikanakhala m'khola zikanaswana, zina zikanalipira fizi ya zidzukulu, zina zikanaphedwa pamaliro a amalume amene ine sindinapiteko. Ndinafunsa mchemwali wanga mtengo wa mbuzi pamsika wa kwathu masiku ano, ndinawerengera zisanu ndi imodzi, ndipo kumapeto kwa mwezi ndinatumiza theka loyamba pa Mukuru.

Madzulo ake kunabwera uthenga wa mawu pa WhatsApp, kudzera pa foni ya mdzukulu wawo. Azakhali anathokoza mwachidule, ngati munthu amene wapatsidwa madzi akumwa. Kenako anafunsa ngati ndikudya mokwanira, ngati kuno kukuzizira, ndiponso kuti ndibwera liti kudzaona manda a amalume. Funso lomalizali sindinaliyankhe. Theka lachiwiri ndikufuna ndikapereke ndekha m'manja mwawo mu Disembala, ndipo alamu andiuza kuti tikiti ya basi ndigule msanga, isanakwere mtengo.