Mfundo zofunika zochokera m'mapanga a pansi pa madzi

Ife a ku Nsaru ndi ku Kabudula madzi tidawadziwira pachitsime, kudambo ndi mumtsinje wa Bua. Koma ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay kuli anthu amene amabereka botolo la mpweya n'kutsikira m'ming'alu ya miyala momwe mumabisala mbuna ndi kampango. Malamulo a olowa m'mapanga a m'madzi amandigwira mtima.

1. Mpweya amaugawa patatu: wolowera, wotulukira, ndi wosungira mnzako akaona zovuta. Gawo loyamba likatha amatembenuka, ngakhale kutsogolo kukongole bwanji. Nanga ife, ndalama za fodya zikabwera mu Meyi, timakumbukira kuti Febuluwale akudza?

2. Amamanga chingwe pakhomo pa phanga n'kumachimasula akamalowa. M'phanga sungathawire m'mwamba, pali thanthwe. Tochi zikazima, dzanja limatsata chingwecho mpaka kunja. Mwana wopita kutauni kapena ku Joni asadule cha kwawo.

3. Wopalasa miyendo mwaphuma amavundula matope, ndipo amene amachititsidwa khungu ndi mnzake wam'mbuyo.

4. Potuluka sathamanga. Wokwera msanga kuchokera pakuya, mpweya wa nayitirojeni umachita thovu m'magazi mwake, ndipo akhoza kufa ziwalo. Amaima panjira, kuwala akukuona, koma n'kumadikira.

5. Mfundo iyi ndiyo imandiwawa. Mu 1994, Deon Dreyer, mnyamata wa zaka 20, adamira m'phanga la Boesmansgat ku South Africa. Patapita zaka khumi Dave Shaw wa ku Australia adapeza mtembo wake pa mamita 270, ndipo adalonjeza makolo ake kuti akautenga. Pa 8 Januwale 2005 adatsikadi, koma adakodwa m'chingwe, mpweya woipa n'kumugonjetsa. Mitembo yonse iwiri idatuluka limodzi.

Sindimunyoza Shaw, kulemekeza maliro ndi mwambo wathunso. Koma nkhaniyi timaidziwa kumudzi. Wokumba chitsime akakomoka pansi chifukwa chosowa mpweya wabwino, mbale wake amatsika mothamanga, nayenso n'kutsalira komweko. Chikondi chilipo, chosowa ndi chingwe m'chiuno ndi amuna anayi ochigwira pamwamba. Abale anga, mukamva kukuwa pachitsime, yambani mwaitana anthu, mupemerere mpweya m'dzenjemo, ndipo wotsika aliyense akhale womangidwa.