Tsache Kapena Kiyi: Kodi Wachinyamata Timupatse Chiyani mu Mpingo?

Munthu akamayenda Loweruka madzulo pa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Ntaja, sangalephere kuona anyamata ndi atsikana ali piringupiringu pa mabwalo a matchalitchi. Ena amakhala akusesa, ena akutchetcha udzu, ena akuphunzira nyimbo za mawa. Tsiku la Mulungu mapemphero akatha, akuluakulu amatsalira kuti akambirane za chuma ndi ntchito za mpingo, ndipo ana aja amauzidwa kuti atuluke. Tsache anawapatsa dzulo, koma kiyi wa kabati ali m'thumba la mkulu wa mpingo. Kodi pamenepa tinganene moona kuti achinyamatawa ali ndi gawo mu mpingo wawo?

Ine ndikuona kuti munthu sayesa chinthu kuti ndi chake kufikira tsiku limene asungitsidwa kanthu kamene kangathe kuwonongeka m'manja mwake. Kusesa ndi ntchito yabwino, ndipo palibe mwana anafa ndi tsache. Koma wosesa safunsidwa nzeru. Akasiya kubwera, tsachelo amalitola wina, ndipo iye mwini amadziwa bwino lomwe kuti palibe chimene chasowa.

Zimene zinachitika ku Balaka zingatithandize kulingalira. Mu 1978, dera la Balaka lisanakhale boma palokha, Bambo Mario Pacifici, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy, anayambitsa Alleluya Band pamodzi ndi anyamata a pa parishi, mmodzi mwa iwo ali Paul Banda. Zida zoyimbira sizinali zotchipa, ndipo kuzipereka m'manja mwa anyamata kunali kudziika pa chiswe. Akanatha kuziwononga. Akanatha kuchititsa mpingo manyazi pamaso pa anthu. Wansembeyo anavomera zonsezo. Mng'ono wake wa Paul, Lucius Banda, anayamba kuyimba ndi mkulu wakeyo ali ndi zaka 13 zokha, ndipo pamene ankamwalira mu 2024, dziko lonse linamulira ngati woyimba amene ankalankhulira amphawi. Pa malo omwewo panabadwanso bungwe la Andiamo, dzina la Chitaliyana lotanthauza kuti "tiyeni", kumene achinyamata ambiri aphunzira ntchito zamanja. Sindikunena kuti mwana aliyense wopatsidwa gitala adzatchuka. Chimene ndikuona m'nkhaniyi n'chakuti anyamata aja anakula chifukwa panapezeka munthu wamkulu amene analolera kutaya kanthu pofuna kuwakhulupirira.

Akuluakulu ali ndi yankho lawo, ndipo si lopusa ayi. Iwo amati mwana wa zaka 15 sanakhwime maganizo. Anaonapo ndalama za kwaya zikuthera m'mandasi. Anaonaponso mtsikana akutenga pathupi chifukwa cha maphunziro a nyimbo othera usiku, ndipo manyazi anagwira mpingo wonse, pakuti tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo. Mantha amenewa ndi a makolo okonda ana awo. Komabe tiyenera kufunsa kuti mwanayo adzakhwima liti ngati sitimulola kulakwitsa tili naye pafupi. Tikamudikira kuti afike zaka 30, tidzapeza kuti anapita kale ku Joni, kapena ali pompano koma Lamulungu limamupeza pa bawo.

Palinso msampha wina umene mipingo iyenera kuupewa. M'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda kunali sabata ya achinyamata chaka chilichonse, pamene ana a sukulu ankalambula misewu, kuumba njerwa ndi kukonza milatho. Ntchito inkagwirika ndithu, koma panalibe amene ankafunsa anawo maganizo awo, ndipo kukana kunali kovuta. Boma litasintha mu 1994, mwambowo unazilala. Mpingo umene umangosonkhanitsa achinyamata kuti akagwire ntchito imene akuluakulu agwirizana kale uli pa njira yomweyo. Umapeza antchito aulere, ndipo tsiku limene ana aja adzakhale ndi ufulu wokana, adzakana.

Tiyerekeze tsono kuti zachitika mwanjira ina. M'mudzi wina ku Machinga mvula yamkuntho yasasula madenga a nyumba ziwiri za amayi amasiye. Mpingo wapatsa gulu la achinyamata ndalama zokwanira denga limodzi lokha, ndipo wawauza kuti asankhe okha koyambira. Mayi mmodzi ndi wa mu mpingo momwemo, ndipo ali ndi ana aakulu ku tauni. Winayo ndi Msilamu, monga alili anthu ambiri a m'bomali, ndipo akulera zidzukulu zitatu yekha. Apa palibe buku la katekisimu limene lingawapatse yankho lokonzeratu. Adzakangana. Wina adzati chifundo chimayambira pakhomo, wina adzakumbutsa anzake fanizo la Msamariya wachifundo, limene kufikira tsikulo ankangolidziwa ngati funso la pa mayeso a Baibulo. Mtsikana wosunga kope la ndalama adzagona tulo tochepa poopa kuti masamu ake angasokonekere.

Mwina adzasankha molakwa. Mwina udzu umene adzagule udzakhala wochepa, ndipo mkulu wa mpingo adzayenera kuwonjezera za m'thumba mwake mwakachetechete. Ntchito ya mkuluyo pa nthawi yonseyi ndi yovuta kuposa kulamula: ayenera kukhala pa benchi ya kumbuyo, kumva ana akutsutsana, n'kudzigwira pakamwa kufikira atamufunsa. Akuluakulu ambiri amene ndikuwadziwa angakonde kufolera okha madenga onse awiri kusiyana ndi kukhala pa benchi imeneyo.