Moto Wochiza ndi Muyeso Wake

Kodi nkoyenera kuti munthu, amene ali fumbi, atenge mphamvu yowononga imene Mlengi anaibisa m'miyala, naiike m'thupi la mnzake? Chiyambire pamene Marie ndi Pierre Curie anatulukira radium m'chaka cha 1898, madokotala anaphunzira kulowetsa gwero la cheza m'chiberekero cha mayi wodwala khansa ya khomo la chiberekero, kuti chotupa chipserere pomwepo. Koma popeza chikhodzodzo chili kutsogolo ndipo matumbo ali kumbuyo, cheza chikachuluka chivulaza ziwalo zabwino, chikachepa nthenda iphukanso.

Ku Manchester, m'chaka cha 1938, madokotala anawerengera mlingo wa cheza pamalo amodzi otchedwa point A, ngati kuti amayi onse anaumbidwa mofanana. Lero, atajambula ndi MRI, amawonjezera singano kumbali kumene chotupa chatambalalira, kuti cheza chifike paliponse pabisala nthenda. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndikhulupirira kuti mphamvuyo siidetsa dzanja loigwira ndi muyeso wolungama, pakuti chifundo chopanda muyeso chivulaza amene chifuna kumchiza. Amayi a m'Malawi, amene khansayi iwapha koposa ina iliyonse, ayenera chisamaliro chomwecho.