Mtukula Pakhomo ndi munda wokunkhamo

Mtukula Pakhomo ndi ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito, monga agogo olera ana amasiye, olumala ndi odwala matenda amgonagona. Idayambira ku Mchinji mu 2006, nkufika ku Machinga chaka chotsatira, ku Balaka pambuyo pake, ndipo pofika 2018 idali m'maboma onse 28. Muyeso wake udali banja limodzi pa mabanja khumi alionse.

Zoti wosauka ayenera kuthandizidwa, zipembedzo za m'maboma a Machinga ndi Balaka sizikangana. Kwa Asilamu, omwe ndi ochuluka ku Machinga, zakaati ndi imodzi mwa nsanamira zisanu za chikhulupiriro: wokhala ndi chuma chopyola mlingo woikika amapereka magawo awiri ndi theka pa 100 alionse chaka ndi chaka. Akhristu amawerenga m'buku la Levitiko lamulo loletsa mwini munda kukolola mpaka m'malire, kuti osauka ndi alendo apeze pokunkha, monga adachitira Rute m'munda mwa Boazi. Makolo nawo adati kupatsa nkuika. M'ziphunzitso ziwiri zija thandizo ndi gawo la wosauka, osati mphatso yoti agwadire.

Koma malamulo onsewa amayamba ndi munda wobereka. Wokunkha amatsata wokolola, ndipo zakaati sichoka m'nkhokwe yopanda kanthu. Chilamulo cha Chisilamu chimafika pozama: mbewu zolimidwa ndi mvula zimapereka gawo limodzi pa magawo khumi, pomwe zothiriridwa ndi thukuta komanso zipangizo za mlimi zimapereka theka la mlingowo. Apa pali nzeru yaikulu. Amene wavutika kukumba ngalande sayenera kufooketsedwa, chifukwa wamasiye wa chaka chamawa adzadya za m'munda womwewo.

Maiko ngati Denmark amasamalira nzika zawo kuyambira kubadwa mpaka ukalamba chifukwa msonkho umaposa 40 pa 100 ya chuma chomwe dzikolo limapanga pachaka, ndipo makampani awo amagulitsa mankhwala ndi makina padziko lonse. Kuno ndalama zambiri za Mtukula Pakhomo zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja: Germany ku Machinga, Ireland ku Balaka, Banki Yaikulu Padziko Lonse ndi European Union m'maboma ena. Osauka athu, tingati, akukunkha m'munda wa eni, ndipo mwini munda akasintha maganizo palibe womuletsa. Ngakhale ndalama yolandiridwayo imafooka kwacha ikagwa, monga idagwera ndi 25 pa 100 mu 2022 komanso ndi 44 pa 100 mu 2023.

Chomvetsa chisoni nchakuti maboma awiriwa sali chimanjamanja. Balaka amalima thonje, koma lochuluka limangochotsedwa njere nkutuluka m'dziko lisanasanduke ulusi kapena nsalu. Nandolo wambiri amatumizidwa kunja wosakonza, ndipo India itachepetsa kugula mu 2017 mtengo wake udagweratu, alimi nkutsala ndi matumba m'nyumba. Mtsinje wa Shire umadutsa pa Liwonde chaka chonse pomwe minda yapafupi ikudikira mvula yosadalirika. Njanji yopita kudoko la Nacala imadutsa pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi, koma katundu wopangidwa kuderali woti inyamule ngwochepa.

Ena amati thandizo limabala ulesi. Mawuwa salingana ndi anthu omwe ndondomekoyi imawasankha, pakuti gogo wa zaka 80 sasiya khasu chifukwa cha ndalama. Mphamvu zidamuthera kale. Ambiri mwa olandira amagulako mbuzi, nkhuku ndi yunifolomu ya ana, ndipo ndalamazo zimathera m'magolosale a pamudzi pomwepo. Vuto lili kwa amphamvu omwe akusowa fakitale, mpope wothirira ndi msika wodalirika, mpaka anyamata ambiri a ku Machinga nkumalowera ku Joni. Boma lomwe likufuna Mtukula Pakhomo akhalitse liyenera kuika luso ndi ndalama pa thonje, nandolo ndi madzi a Shire, kuti msonkho wa anthu a ku Balaka ndi Machinga udzathe kusamala agogo awo.