Tsamba lowawa la ku China m'manja mwa mayi wa ku Thambani

Mvula ikakhazikika mu Januwale, zithaphwi zimadzaza m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza, udzudzu n'kumalira m'makutu usiku wonse. Kukacha, pa chipatala cha boma pamakhala mzere wa amayi obereka ana otentha thupi, ena atachokera kutali ku Thambani. Mwana amamubaya chala, magazi n'kuonetsa malungo, ndipo mayi amalandira timapiritsi tachikasu timene tonse timangoti LA: kawiri pa tsiku, masiku atatu. Malawi anayamba kudalira mankhwalawa mu 2007, Fansidar atatha mphamvu monga inathera kolokwini mu 1993. Ndikatiyang'ana timapiritsito ndimazizwa, pakuti gwero lake ndi tsamba la kutchire.

Chitsambacho Atchaina amachitcha qinghao. Ndi chobiriwira, cha masamba ang'onoang'ono, chowawa ndiponso chonunkhira. Cha m'ma 340, sing'anga wina dzina lake Ge Hong analemba kabuku ka mankhwala a matenda adzidzidzi, ndipo pa za kutentha thupi kobwerezabwereza analangiza kuviika masamba ake m'madzi, kuwafinya, n'kumwa madziwo. Za kuphika sanatchulepo. Asing'anga a kwawoko anali ndi chizolowezi chimene ndimachisirira: cholawa ndi choona ankachilemba, mdzukulu n'kudzawonjezera pamene gogo analekezera. Buku la sing'anga wina, Li Shizhen, la mu 1596 lili ndi mankhwala 1,892.

Malangizo a Ge Hong anagona m'mabuku zaka zoposa 1,600. Mu 1967, malungo akupha asilikali pa nkhondo ya ku Vietnam, boma la China linayambitsa ntchito yachinsinsi yofunafuna mankhwala atsopano. Mayi Tu Youyou analowamo mu 1969 n'kusanthula njira zamakedzana zoposa 2,000. Qinghao ankamuyesa, koma lero agwire ntchito, mawa akane. Atabwerera kwa Ge Hong, mayiyu anazindikira kuti moto ndiwo unkapha mankhwalawo. Mu 1971 anawatulutsa m'masamba popanda kutenthetsa kwambiri, ndipo tizilombo ta malungo m'mbewa tinafa tonse. Asanapatse odwala anayamba wamwa yekha. Mphotho ya Nobel inamupeza mu 2015.

Koma chondidabwitsa koposa ndi mmene Namalenga anatcherera msampha m'tsambali. Kachilombo ka malungo kamalowa m'maselo ofiira a magazi n'kumadya chimene chimafiiritsa magaziwo, chomwe chili ndi ayironi. Mankhwala a m'tsambali, otchedwa artemisinin, amayenda m'thupi mwakachetechete mpaka atakumana ndi ayironi amene kachilombo kamamasula pakudya. Pamenepo amasweka n'kusanduka ululu wokapha m'kati momwemo. Chakudya chake chomwe ndicho chimafwamphula msampha! Ndipo zonsezi zimapangidwa m'tiubweya ta pa tsamba, tosaoneka bwino ndi maso, pa chomera chosadziwa kuti kuli mwana wodwala ku Mwanza. (Izi sizikutanthauza kuti wodwala azingowiritsa masamba kunyumba, mphamvu yake imasiyana tsamba ndi tsamba, n'chifukwa chake a zaumoyo amati tizipita kukayezetsa.)

Mvula ikatha, chisanu n'kulowa, Mwanza amasanduka wachikasu ndi manachesi. Madengu amandandalikana m'mbali mwa msewu wopita ku Zobue, makoko ali mbwee pansi, mbuzi zikununkhiza. Chipatso chimenechinso kwawo n'komweko, kum'mawa kwa Asia. Ku Xinhui, m'chigawo cha Guangdong, khoko la nachesi satayako: amaliyanika padzuwa n'kulisunga zaka zitatu kapena kuposa, mpaka litada ndi kukhwima fungo. Amalitcha chenpi, ndipo asing'anga awo amapereka kwa wachifuwa ndi wodzimbidwa. Chaka chino ndinasenda nachesi pa boma, ndinafinya khoko lake pafupi ndi mphuno, timafuta take tinandithothokera m'zala, ndipo ndinaima nalo m'manja nthawi yaitali osalitaya.